Pempho la thandizo kwa ana a mudzi uno okhala kutali

Abale ndi alongo athu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni ndi kwina konse, ife a komiti ya sukulu yathu ya pulayimale, kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, tikukulemberani mogwirizana ndi a gulupu, aphunzitsi ndi makolo. Sukuluyi mukuidziwa, pakuti ambiri a inu munaphunzirira kulemba pansi pa mtengo wa mango uja.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawomba, madzi ochokera kuphiri anagwetsa mpanda wa dimba la sukulu ndipo anakokolola dothi kutsogolo kwa makalasi, kotero kuti khonde linatsala m'mwamba. Kuyambira pamenepo mbuzi zimadya ndiwo za m'dimba. Koma chotipweteka kwambiri ndi ana athu oyendera njinga za anthu aulumali. Mtsikana wina wa Sitandade 6 amaberekedwa ndi amayi ake m'mawa uliwonse kuti alowe m'kalasi, njinga yake n'kutsala panja, ndipo popeza tsopano wakula, masiku ena amakana kubwera chifukwa cha manyazi. Za kuchimbudzi sitinena n'komwe.

Nthawi ya kampeni kunabwera ena ndi galimoto, anayeza khondelo ndi tepi, tinawaombera m'manja, ndipo mpaka lero sitinawaonenso.

Ife sitinangokhala. Tinaunjika dothi ndi zidutswa za njerwa n'kupanga njira yotsetsereka, koma inali yoimirira kwambiri moti mwana sankatha kukwera yekha, ndipo mvula yoyamba inaikokolola. Titaitana mmisiri wodziwa ntchitoyi, anatiuza kuti njira yotere imafuna mamita 12 m'litali pa mita imodzi iliyonse yokwera, ndiye khonde lathu la theka la mita likufuna mamita 6 a konkire yosaterera, yokhala ndi kakhoma m'mbali ndi zitsulo zogwirira. Anatinso mpanda uja unagwa chifukwa maziko ake anali osazama ndiponso unalibe mabowo otulutsira madzi, choncho dothi la kumtunda litakhuta madzi linaukankha. Wanena kuti tikamanganso tidzabzale udzu wa vetiva kumtunda kwake.

Amayi atuta kale mchenga kumtsinje, abambo aswa miyala, ndipo milu yake ili pabwalo. Chimene manja athu sangathe ndi simenti, zitsulo, mapaipi ndi malipiro a mmisiri. Kale tikanawotcha njerwa tokha, koma kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zowotcha pa zomanga za boma, ndipo mabuloko amadya simenti, yomwe mtengo wake mukuudziwa nokha.

Timanyadira tikaona nyumba zamalata zimene mwamanga kumudzi kuno, zina zozingidwa ndi mipanda ya simenti ngakhale mulibe wogonamo. Ena timakuonani pa Khirisimasi kapena pamaliro, mukudutsa pasukulupa magalasi a galimoto ali otseka. Sitikudzudzula munthu, tikungokumbutsa kuti thumba limodzi la simenti kwa aliyense wa inu lingatifikitse patali, ndipo amene angathe zoposa apo asachite manyazi.

Tikufuna ntchitoyi ithe mvula ya Novembala isanagwe, chifukwa ikatipeza mchenga uja udzabwerera kumtsinje. Thandizo lanu mungalipereke kudzera kwa a mphunzitsi wamkulu kapena kwa a gulupu, ndipo nambala zawo abale anu kunyumba ali nazo.

Ndife anu,
A komiti ya sukulu