Usapereke ndalama imeneyo, mwana wanga

Mwana wanga,

Azakhali ako anaimba foni Lamulungu madzulo, ndipo kuchokera pamenepo mtima wanga sunakhale m'malo. Akuti unawapempha ndalama, ndipo atakufunsa kuti ndi yachiyani unati pali munthu amene mnzako uja akumudziwa, amene angalowetse dzina lako pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite. Amayi ako sanagone. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umangoti "eya bambo, eya bambo" kenako n'kuchita zako.

Usapereke ndalama imeneyo. Ngati wapereka kale ina, undiuze lero lomwe.

Munthuyo alibe chimene angagulitse. Kusankha ophunzira opita ku mayunivesite aboma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo fomu yake ndi imodzi ya mayunivesite onse 6: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST. Chimene amayang'ana ndi magiredi ako a MSCE monga alili ku MANEB, ndi maphunziro amene iwe wasankha. Ndalama yolipira ndi ya fomu yokha, imene imalembedwa pa chilengezo, ndipo imapita ku akaunti yotchulidwa pa chilengezo chomwecho. Ukamva kuti tumiza pa nambala ya foni ya munthu, dziwa kuti wakumana ndi wakuba. Anthu amenewa amachita chonchi: amatolera ndalama kwa ana ambiri n'kukhala phee. Mayina akatuluka, ena mwa anawo amapezeka atasankhidwa chifukwa cha magiredi awo, iye n'kumadzitama kuti ndi ntchito yake. Otsalawo amawauza kuti dikirani mndandanda wachiwiri, kenako foni yake siipezekanso. Ena amafika mpaka popatsa mwana kalata yabodza yokhala ndi chidindo. Mwana amanyamula chikwama, kutsanzika abale, kukafika tsiku lolembetsa n'kupeza dzina lake mulibe m'kaundula. Ndipo akakuuza kuti asintha giredi pa satifiketi, thawa, chifukwa zikadzaululika wochotsedwa sukulu ndi kukayankha kupolisi adzakhala iweyo. Azakhali ako akutinso mnzakoyo ananena zosintha boma limene umachokera kuti mwayi ukule. Kusankha potengera maboma kunathetsedwa mu 2020. Ngakhale zimenezi sakuzidziwa, ndiye angakuthandize chiyani?

Mnzako ameneyu ine sindinamukhulupirirepo. Ndi yemwe uja unamubwereka kalkuleta uli Fomu 3, mayeso atatsala sabata, n'kubwera kudzanama kuti yagwera m'madzi. Amalankhula bwino, amapereka moni mogwada, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Vuto lako iwe ndi mtima wabwino wosadziwa kukana.

Tsopano tiyang'ane pepala lako lenileni. English 4, Agriculture 2, Biology 3, Chichewa 3, Geography 4, Chemistry 5, masamu 6, Physics 7. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndi kulephera. Amawerengera maphunziro 6 amene unakhoza bwino, ndiye iwe uli ndi mapointi 21. Chofunika kuti fomu yako ilandiridwe ndi ma credit 6 kuphatikizapo English, ndipo iwe uli nawo 7. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Ndinakuona mmene unkawerengera ndi tochi ena atagona, maso ali psuu. Koma ma credit 6 amangokulola kupikisana nawo. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ofunsira.

Ndikudziwa kuti mtima wako uli pa udokotala, ndipo ndikuganiza kuti ndi pamene mnzakoyo wakugwirira. Ndikuuza mosabisa: ndi 7 ya Physics ndi 6 ya masamu, udokotala ku KUHeS ndi uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST usaziike pa fomu chaka chino. Kumeneko amafuna magiredi apamwamba a masamu ndi sayansi, ndipo opikisana nawo ndi ana a mapointi ochepa kwambiri. Mzere uliwonse umene waulemba kosi yoti sukukwanira ndi mzere wotayika. Ana ambiri okhoza bwino amatsala chifukwa anadzaza mizere yonse ndi makosi otchuka okhaokha. Mphamvu yako ili pa Agriculture ndi Biology. Yang'anitsitsa makosi a ku LUANAR, a zaulimi, ziweto, zakudya ndi zachilengedwe. Yang'ananso uphunzitsi ku MZUNI ndi ku UNIMA. Usanyoze uphunzitsi chifukwa anzako amauseka. Kosi iliyonse uwerenge mzere wa zofunika zake mpaka kumapeto, chifukwa ina imaoneka yaulimi koma imafuna giredi ya masamu yoposa yako. Pamwamba uike imene ukuifuna ndipo ukukwanira. Pansi uike imene ofunsira ake sachuluka, koma yoti ukasankhidwa udzapitadi.

Fomuyo ulembe wekha. Usapatse munthu wa pamalo a intaneti kuti akudzazire iwe ukucheza panja, ndipo mnzakoyo asaigwire n'komwe. Dzina lilembedwe monga lilili pa zotsatira za MSCE, chilembo ndi chilembo. Nambala ya mayeso ndi chaka chimene unalemba uzione kawiri. Kosi iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi upezeka wafunsira kosi ina. Nambala ya foni ndi imelo zikhale zako, chifukwa ukaika za mnzako uthenga udzafikira iye. Usadikire tsiku lomaliza, aliyense amathamangira tsiku limenelo ndipo netiweki imavuta. Risiti ya kubanki uijambule, pepala lenilenilo uwapatse azakhali ako asunge. Iwe ndi mapepala ndimakudziwa, suja unataya chiphaso cholowera mayeso m'mawa wa pepala loyamba, amayi ako n'kukachipeza m'thumba la malaya ochapa.

Ukapanda kusankhidwa, dziko silinathe, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene anthu ngati ameneyu amabweranso ndi nkhani ya mndandanda wachiwiri. Ngati udokotala sukukuchoka mumtima, ukhoza kulembanso MSCE kuti ukonze Physics ndi masamu, koma uyambe wawerenga pa chilengezo kuti akulandira zotsatira za zaka ziti komanso ngati amalola kuphatikiza mayeso olembedwa kawiri. Pali Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kwa ofuna ntchito zachipatala. Pali Domasi ndi Nalikule kwa ofuna kuphunzitsa ku sekondale. Uzitchera khutu ku zilengezo za makoleji amenewa. Pali makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Munthu amatha kuyamba ndi dipuloma, kugwira ntchito zaka zingapo, n'kudzalowa digiri ngati wophunzira wamkulu kapena kuphunzira ali kwawo kudzera m'maphunziro a patali otchedwa ODL. Njirayo ndi yaitali, koma pepala lake ndi lenileni.

Za mayunivesite omwe si aboma, usakopeke ndi chikwangwani kapena nyumba yosanja. Kaone pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, kenako uonenso ngati kosi imene ukufunayo ndi yovomerezeka. Zimenezi ndi ziwiri zosiyana. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina m'menemo isanavomerezedwe, iwe n'kutha zaka 4 ndi ndalama zathu zonse kutenga pepala limene olemba ntchito adzalikana. Ngati ndi unamwino, ufunsenso ngati bungwe la anamwino ndi azamba limaizindikira, chifukwa popanda iwo chiphaso chogwirira ntchito sudzachipeza.

Ndalama tili nazo zochepa, ukudziwa. Ukasankhidwa pali ngongole ya ophunzira ya ku HESLGB. Imafunsiridwa payokha, siimabwera chifukwa choti wasankhidwa, ndipo ndi ngongole, udzabweza ukayamba ntchito. Kumenekonso kulibe woimira pakati. Kangachepe kamene amayi ako akhala akusunga ndi koyambira chaka choyamba, ngongole isanatuluke. Ukakapereka kwa munthu wosadziwika dzina, udzasankhidwa n'kulephera kupita. Chimene chikundisowetsa tulo ndi chimenechi.

Sindikuti udane naye mnzakoyo. Mupatse moni, koma za sukulu yako usakambe naye, ndipo ndalama usamupatse, ngakhale atati ndi yongobwereka. Akaumirira, umuuze kuti bambo akufuna kulankhula ndi munthuyo okha, umupatse nambala yanga. Uona, saimba.

Usanatumize fomu, undilembere makosi amene wasankha motsatana kwake, pamodzi ndi zofunika za iliyonse, tione limodzi. Ndalama ya fomu ndiitumiza kwa azakhali ako, akapereke okha kubanki. Uwathandize ntchito pakhomopo, usamangokhala pa foni. Amayi ako akupereka moni, akuti chifuwa chija chatha kodi? Mlongo wako akufuna buku lake la Biology limene unatenga.

Ndine,
Bambo ako