Chikanga sichibwera chifukwa cha uve

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi makolo za chikanga. Kukazizira mu Juni ndi Julaye, ana ambiri amachezera kudzikanda mpaka kutuluka magazi, ndipo mayi ndi amene amanenedwa kuti sakusambitsa mwana. Chikanga si uve, komanso sichipatsirana.

Vuto lili pakhungu penipenipo. Khungu labwino limasunga chinyezi n'kutchinga fumbi ndi tizirombo, pomwe la mwana wa chikanga limauma msanga n'kuchita timing'alu tolowera chilichonse. Nthawi zambiri n'chakumtundu, ndipo chimakonda mabanja omwe muli mphumu. Chimayamba kawirikawiri mwana asanakwanitse zaka 5: wakhanda chimamugwira m'masaya, wokulirapo popindikira mkono ndi kuseri kwa mawondo. Pakhungu lakuda musayembekezere kufiira ayi, pamangotuwa kapena kuderapo, nthawi zina n'kuchita tiziphuphu.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kholo likaona kutuwako limatenga sopo wochapira, madzi otentha ndi chinkhupule, n'kumukhula mwanayo kuti ayere. Zitatu zonsezi zimachotsa timafuta tochepa tomwe khungulo linatsala nato, ndiye usiku kuyabwa kumachita kunyanya. Akakanda khungu limang'ambika, likang'ambika limayabwanso koposa. Musambitseni ndi madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 5 mpaka 10, ndi dzanja lokha. Mupukuteni mogundagunda, ndipo pasanathe mphindi 3 mudzozeni Vaseline wosanunkhiritsa thupi lonse. Bwerezani kawiri patsiku kapena kuposa, ngakhale masiku amene khungu lasalala. Mwana woti chamugwira malo ambiri atha kumaliza magalamu 250 pasabata, choncho musaumire.

Zina zochiutsa ndi sopo waufa wotsalira m'zovala (tsukuluzani kawiri), juzi yaubweya yokhudza khungu, thukuta la mu Okutobala, fumbi ndi utsi wa nkhuni. Kwa akuluakulu chikanga cha m'manja chimabweranso ndi simenti, ndipo ena chimawatuluka ndi ndolo zachitsulo kapena mankhwala odetsa tsitsi.

Za zakudya tisamale. Pali ana ena amene mazira, mkaka kapena mtedza zimawautsira, koma si onse. Kumuletsa mwana nsinjiro m'phala ndi dzira popanda uphungu wa kuchipatala n'kumuitanira kunyentchera, chikangacho chili pomwepo.

Pakatupa n'kumayabwa kwambiri, achipatala amapereka hydrocortisone wa 1%, wopaka pamalo odwalawo okha kamodzi kapena kawiri patsiku kwa sabata imodzi kapena monga anenera. Mukafinyira kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pamzere woyamba, ameneyo akukwanira malo aakulu ngati zikhato ziwiri za munthu wamkulu. Chonde pewani timachubu ta pamsika toyeretsa khungu. Tambiri timakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu amene amaziziritsa msanga koma akapakidwa nthawi yaitali khungu limapyapyala, makamaka kumaso kwa mwana.

Ngati nyumba yonse ikudzikanda usiku, makamaka pakati pa zala, ganizirani mphere, ndipo mankhwala ake ndi ena. Koma mukaona nkhanambo zachikasu, mafinya, matuza opweteka ofalikira msanga, kapena mwana watentha thupi, tizirombo talowa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Wogwira ntchito zaumoyo,
Zomba