Kwa mnzanga wa ku Lubumbashi: kunena za mawa m'Chifalansa

Mnzanga wokondedwa,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri, koyamba ndikuseka, kachiwiri cholembera chili m'manja. Ukuti pamsika Chiswahili chimakupulumutsa, koma bwana wa pagalaja akakufunsa m'Chifalansa kuti lole ija idzatha liti, lilime limauma n'kungoloza kalendala. Kuno tonse tili bwino, alamu ako akupereka moni. Ndati ndichite kulemba, poti za pafoni zimauluka.

Chimene chikukusowetsa mtenderecho eni ake amati futur simple, ndipo pa nthawi zonse za aneni zimene ndimaphunzitsa, iyi ndiye yosavuta. Ife tikamanena za m'tsogolo timalowetsa -dza- m'kati: ndidzakonza, udzakonza. Iwo amapachika kumchira. Tenga mneni mmene walembedwera mu dikishonale, usamudule paliponse. Tiyambe ndi wa ntchito yako, réparer, kukonza: je réparerai, tu répareras, il réparera, nous réparerons, vous réparerez, ils répareront. Michirayo ndi -ai, -as, -a, -ons, -ez, -ont, basi. Aneni othera ndi -ir nawo n'chimodzimodzi. Finir ndi kumaliza, ndiye bwana uja umuyankhe kuti je finirai demain, ndidzamaliza mawa. Othera ndi -re okha ndiwo umawachotsa e wakumapeto: attendre, kudikira, amakhala j'attendrai; vendre, kugulitsa, nous vendrons.

Michirayi usavutike kuiloweza, uli nayo kale. Kumbuka avoir, kukhala ndi chinthu, mneni amene unayamba naye: j'ai, tu as, il a, ils ont. Si yomweyo? Kwa nous avons ndi vous avez wangochotsa av-. Sizinangochitika ayi. Chifalansa chinachokera ku Chilatini, ndipo anthu wamba olankhula Chilatini ankati cantare habeo, ngati kunena kuti ndili nako kuimba. M'kupita kwa zaka mawu awiriwo anamatirirana n'kukhala chanterai, ndidzaimba. Ana anga a Fomu 3 ndikawaonetsa zimenezi pabolodi pamamveka ka "aaa!" kumbuyo kwa kalasi, ndipo ine tsiku limenelo ndimagona bwino.

Papepala michira ilipo 6, koma khutu limamva itatu yokha. Réparerai ndi réparerez zimatha mofanana, répareras ndi réparera chimodzimodzi, réparerons ndi répareront chimodzimodzinso, chifukwa s, z ndi t akumapetowo satchulidwa. Iwe amene ntchito yako ndi ya pakamwa ndi sipanala, wapepukidwa pamenepa.

Pamene pali minga ndi pa r. Ndiye amanyamula m'tsogolo monse, ndipo ife Achewa l ndi r timawasinthanitsa osamva n'komwe. Nous réparons ndi kuti tikukonza panopa. Nous réparerons ndi kuti tidzakonza. Ukameza ka -er- ako, mwini lole apita kukamwa tiyi poganiza kuti muli pansi pa galimoto yake, chonsecho simunaigwire. Mneni woyesera lilime ndi parler, kulankhula: je parlerai, r, l, kenako r wina. Mnyamata wina m'kalasi mwanga anatulutsa "je palalai" ndi nkhope yolimba, mpaka lero anzake amamutcha Palala. R wa kukhosi wa ku Paris usalimbane naye, ngakhale wa kunsonga kwa lilime akumva. Chofunika n'choti asasanduke l.

Pali malo amodzi pamene Chichewa chikuthandiza kuposa Chingerezi chimene tinakwapulidwira kusukulu. Ife timati lole ikadzafika, ndidzakonza mabuleki, -dza- uku ndi uku. Chifalansa chimatero ndendende: quand le camion arrivera, je réparerai les freins. Mngelezi pa "ikadzafika" amagwiritsa nthawi ya tsopano, ndiye amene amayamba waganiza m'Chingerezi amalakwa pomwepa. Iwe uziganiza m'Chichewa. Chenjera ndi si yekha, amene ndi "ngati": pambuyo pake sipabwera futur. Umati si le camion arrive, je réparerai.

Ukumvanso anthu akuti je vais réparer, ndikudziwa, ndipo mwina ukuti bwanji osangokakamira imeneyo. Igwiritse ntchito, ndi Chifalansa chabwinobwino, makamaka pa zimene uchite posachedwa, monga timanenera kuti ndikonza pompano. Koma m'makalata a kuofesi, pa wailesi ndi polonjeza, futur simple sungaithawe. Aneni ena ndi amakani, amasintha tsinde: être amakhala je serai, aller j'irai, faire je ferai, avoir j'aurai. Michira yake ndi yomweija, r ali pomwepo. Amenewa tidzawaona m'kalata ina.

Homuweki nayi, aphunzitsi sasiya khalidwe lawo. Unditumizire uthenga wa mawu Lamlungu, ziganizo zitatu za zimene udzachite pa Khirisimasi, china chiyambe ndi quand. Alamu ako akuti chimodzi mwa zitatuzo chikhale j'apporterai un pagne, ndipo akuti chitenjecho chikhale cha buluu.

Ndine mnzako wa kalekale,
ku Zomba