Chindapusa chosalipidwa sichifa chokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga kuno ku Mangochi amene bwalo la milandu linawagamula kuti alipire chindapusa koma mpaka lero akungozengereza.

Mphwanga wina, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, anamulipiritsa chifukwa choyendetsa wopanda laisensi, ndipo bwalo linamupatsa nthawi yoti apeze ndalamazo. Iye anapita ku Makanjira kukagula usipa, n'kumaganiza kuti nkhaniyo yaiwalika. Patatha miyezi, apolisi anamugwira dzuwa likuswa mtengo, thumba la usipa lili kumbuyo kwa njinga, ndipo ndi pomwe anadziwa kuti panali chikalata chomumangira.

Ambiri sadziwa kuti chikalata chotere chimagwirabe ntchito kufikira munthuyo atagwidwa kapena bwalo lomwe linachitulutsa litachifafaniza. Amene akukayika apite yekha kwa kalaliki wa bwalo la majisitireti limene linaweruza mlandu wake, atenge chiphaso cha unzika ndi nambala ya mlanduwo, ndipo afunse mmene zinthu zilili. Ngati ndalama zavuta, ndi bwino kupempha bwalo kuti liwonjezere nthawi kusiyana ndi kubisala, ndipo wosowa loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Polipira, alandire lisiti ya boma, osati kupereka ndalama m'manja mwa munthu wongolonjeza kuti “akonza”, pakuti oterowo alipo ndithu.

Amene wamangidwa kale akumbukire kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati afikitsidwe kubwalo pasanathe maola 48.

Ine wanu,
Wowerenga wodandaula,
Mangochi