Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chingerezi ku Lilongwe

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga nonse, ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a kogona ali kale ndi asungichuma, ndipo wofuna kuwaona akawaone, kuti nkhani ya alawansi isakhalenso yonong'onezana ngati ulendo watha uja.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Za kasungidwe ka malikisi ndi kalembedwe ka sikimu zinali zomwe zija timazidziwa kale. Mapepala ake ndabwera nawo.

Ndalama zanu zinagwira ntchito masana a tsiku lachiwiri. Mayi wina wophunzitsa ku yunivesite anatenga liwu limodzi lokha, influence (mphamvu yosintha maganizo kapena khalidwe la wina), n'kukhala nalo mpaka nthawi ya tiyi. Atatifunsa mmene timaliphunzitsira, tonse tinayankha zofanana: timalemba tanthauzo limodzi pa bolodi, ana n'kukopera m'makope, basi. Mayiwo sanatsutse. Anangotsegula British National Corpus, nkhokwe ya mawu okwana 100 miliyoni a Chingerezi cholembedwa ndi cholankhulidwa, imene inasonkhanitsidwa ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kuonetsa pakhoma ziganizo zenizeni zokhala ndi liwuli, mzere ndi mzere.

Tanthauzo lathu la pa bolodi lija silinakwane ngakhale pang'ono. Kholo la ku Britain likanena kuti mnyamata wakuti ndi a bad influence, likunena munthu weniweniyo, mnzake amene akumuwonongera mwana. Wapolisi akati dalaivala anali under the influence sachita kumaliza chiganizo, aliyense wamva kale kuti ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Ku America mlanduwo amautcha DUI, chidule cha driving under the influence, ndipo chilembo chomalizacho ndi liwu lomweli, pamene ku Britain pocheza amangoti drink-driving. Kukhoti kuli undue influence: wachibale akapanikiza gogo wodwala mpaka kusintha wilo, woweruza akhoza kuifafaniza wiloyo. Pangano la United Nations lothana ndi katangale la mu 2003 lili ndi ndime 18 yonena za trading in influence, kugulitsa mwayi wodziwana ndi akuluakulu. Ndiye pali influencer wa pa TikTok ndi Instagram, munthu amene omutsatira ake amatengera zonena ndi zochita zake, amene ana athu a Fomu 2 amamudziwa bwino kuposa ife.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi kumene liwuli linachokera. M'zaka za m'ma 1300 linali la okhulupirira nyenyezi, amene ankati pali mphamvu yosaoneka imene imatsika kumwamba n'kulowa mwa munthu, n'kusintha khalidwe ndi tsogolo lake. Anthu a ku Italy ankati miliri imabweranso motero, n'chifukwa chake chimfine chachikulu anachitcha influenza, ndipo Angerezi analibwereka dzinali mu 1743. Kalasi yogona ya masana mukaiuza zimenezi idzuka, ndikukutsimikizirani.

Kenako tinafika pa zolakwa zimene timazichonga tsiku ndi tsiku. Mwana amalemba kuti he influenced on me chifukwa anamvapo influence on, osadziwa kuti on amabwera liwuli likakhala dzina, koma likakhala mneni salira kanthu. Influence over ndi ya amene ali ndi mphamvu pa wina, pamene influence with ndi ya munthu amene bwana amamumvera. Katchulidwe nako: mphamvu imagwera pa phatikizo loyamba, koma ambiri a ife m'holomo tinkaiika pakati.

Apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi msonkhano. Mfundo yoti gulu lililonse lizisankha mawu ochepa pa teremu n'kuwapezera ziganizo zenizeni ndinaivomereza ndi mtima wonse. Koma anagwirizananso kuti katchulidwe tisatayirepo nthawi poti mayeso a MANEB ndi olemba. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. N'zoona kuti wolephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE, koma mwana yemweyo akakhoza adzakhala pamaso pa olemba ntchito, ndipo kumeneko sadzapatsidwa pepala loti asankhe A kapena B. Ngati gulu lathu lingasankhe kutsatira mfundoyi, lisankhe titakambirana, osati chifukwa choti yachokera ku Lilongwe.

Tsono ziganizo zenizenizo tizitenga kuti? Anzathu a m'tauni ankalankhula ngati intaneti ndi madzi a pampopi. Kwathu kuno netiweki timaipeza pachulu kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo bandulo aliyense amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake. Mabuku otanthauzira mawu akanatithandiza, chifukwa abwino amakhala ndi ziganizo zachitsanzo. A Wapampando, ndi ulemu wonse, chaka chatha tinasonkha ndalama zogulira mabuku amenewa, ndipo mpaka lero sitinaone buku kapena lipoti la ndalamazo. Ndinafunsa pamsonkhano wathu wapitawo, yankho linali loti nkhaniyi ikuonedwa. Ine malisiti anga afunsidwa ndisanatsike n'komwe basi. Ndamvanso zoti ena akuti ndinapita chifukwa chodziwana ndi a komiti, pamene tinavota pokweza manja onse akuona, ndipo amene akudandaulawo tsiku limenelo kunalibe.

Pempho langa ndi loti pamsonkhano ukubwerawu mundipatse mphindi 40 ndiphunzitse phunziroli monga mmene ndinalionera. Ziganizo ndinakopera zokwanira, ndipo sukulu iliyonse idzalandira pepala lake ngati ndalama ya fotokope ipezeke. Asungichuma adzabwere ndi buku la ndalama, ndipo nkhani ya mabuku ija ikhale yoyamba pa ajenda, isakankhidwirenso kumapeto anthu atayamba kuthamangira njinga zawo.