Za boti mukufuna kugula ku Joni lija

Senga Bay, Salima

Achimwene,

Zithunzi za maboti awiri a aluminiyamu aja zinafika, ndipo ndaziyang'ana kangapo. Ndinayamba kuyankha pa WhatsApp koma ndinaona kuti nkhani yake ndi yaitali, ndiye ndakhala pansi kuti ndikulembereni bwinobwino. Kuno tonse tili bwino. Alamu anu akupereka moni, akuti muwapatsirenso moni mayi a kunyumbako ndi ana.

Pamene ndikulemba pano mwera uli mkati. Lero ndi tsiku lachitatu mabwato ali pamchenga, ndipo usipa wakwera mtengo. Inu mwakhala nthawi yaitali kunjako, mwina phokoso la nyanja ya mu June munaliiwala. Likumbukireni musanatulutse ndalama, chifukwa mphepo imeneyi ndiyo iyenera kukusankhirani boti.

Boti loyamba lija, la pansi pafulati, lisiyeni. Ndi lokongola ndithu, ndipo ndikudziwa chimene chakukopani: ndi lotakata, munthu amaimirira n'kumaponya mbedza osagwedezeka, komanso limalowa ngakhale pamadzi ofika m'mawondo. Koma analipangira madamu a kumeneko ngati Vaal ndi Hartbeespoort, kapena mitsinje. Mukanati mukakhala ku Liwonde muziwedza mu Shire, kapena ku Chia, ndikanati tengani lero lomwe. Kuno mwera umayenda pamadzi mtunda wautali wopanda choutchinga, ndipo ukamafika pagombe lathu umakhala utakweza mafunde aatali, obwera mothithikana.

Mukukumbukira kuti ndinayendetsapo boti la aluminiyamu pa loji ina kuno. Linali lafulati ngati lomwelo, la mamita 4. Tsiku lina m'mawa nyanja ili bata ndinatenga alendo awiri kukawedza kuseri kwa chilumba cha Namalenje. Dzuwa lisanafike pamutu madzi anayamba kuda chakummwera. Tinakweza nangula msanga koma mphepo inatipeza. Funde lililonse boti linkakwera n'kugwa ndi mimba, phwa! mpaka msana kuwawa. Madzi ankalowera kutsogolo, ndipo poti aluminiyamu ndi yopepuka, mphepo inkakankhira mphuno ya boti kumbali ngati lichero. Mlendo mmodzi ankakapa madzi, winayo atagwira mpando ndi manja onse. Ulendo wa mphindi zochepa unatitengera ola ndi kanthu. Tinafika amoyo, koma kuyambira tsiku limenelo boti ndimayamba kuliyang'ana kunsi.

Lachiwiri lija ndiye lili ndi maonekedwe a boti la panyanja. Kunsi kwake n'kosongoka ngati V, kotero limang'amba funde m'malo moliwomba. Mukaimirira lidzapendama pang'ono kuposa linzake, zimenezo muzolowera. Chimene sindikuona pachithunzi ndi msinkhu wa m'mbali. Pitani ndi tepi mukayeze. Kutalika kwa boti kusachepere mamita 4.5, ndipo ngati thumba likulola, la mamita 5 ndi labwino koposa, poti ndikudziwa kuti simudzapita nokha. Pakamwa pa wogulitsa pasakukwanireni, werengani kachitsulo kamene amakhomera mkati mwa boti, kolembedwa chiwerengero cha anthu ndi mphamvu ya injini imene botilo lingapirire.

Mufunsenso kukhuthala kwa chitsulo. Kunsi kukhale mamilimita 3 kapena kuposa, m'mbali 2 akhoza kukwana. Kumeneko boti limatsika pathirela n'kulowa m'madzi pakonkire, kuno tidzalikoka pamchenga tsiku ndi tsiku, nthawi zina pamiyala, ndipo mchenga umadya chitsulo pang'onopang'ono ngati sandipepa. Ngati angathe kuwonjezera chitsulo china pamsana wa kunsi, pamene pamakhuza pansi, lipirani. Aluminiyamu ya maboti imadziwika ndi manambala 5083 kapena 5052. Wogulitsa akalephera kukuuzani nambala, pitani pena.

Tsopano nkhani imene yandisowetsa tulo, yokonza. Boti la matabwa, monga amene amakhoma ku Mpwepwe, likayamba kuchucha mmisiri aliyense wa pagombe amalimata ndi nsalu ndi phula, madzulo labwerera m'madzi. Aluminiyamu si choncho. Anyamata owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pa Kamuzu Road makina awo ndi a chitsulo wamba. Aluminiyamu imafuna makina a gasi wa argon ndi dzanja lozolowera, chifukwa imasungunuka pa madigiri 660 osafiira n'komwe. Wosaidziwa amangoona dzenje latseguka pamene panali kamng'alu. Ndinaona ndi maso anga boti lija la ku loji litabwerako kokonzedwa ndi bowo loposa limene linapita nalo, mpaka tinalikweza lole kupita nalo ku Lilongwe. N'chifukwa chake ndikulimbikira za chitsulo chokhuthala, boti lisamafune dokotala pafupipafupi. Muyang'ane mizere yowotcherera, makamaka m'makona a kumbuyo kumene kumakhala injini, ikhale yosalala, yofanana, yopanda timabowo. Maboti ena amalumikiza ndi maliveti. Amenewo amayamba kudontha akakalamba, koma ubwino wake liveti lolekera mumalimbitsa ndi hamala ziwiri, wina mkati wina kunja. Mulimonse mmene lanu lilili, muikemo m'katundu chidutswa cha aluminiyamu yomweyo, maliveti otseka kumapeto, ndi guluu womatira zitsulo za m'madzi. Zimenezi kuno n'zosowa.

Thabwa la kumbuyo lomangirapo injini pa maboti ang'ono ngati amenewa limabwera misinkhu iwiri, mainchesi 15 ndi mainchesi 20. Tengani la 20. Funde lochokera kumbuyo ndi limene limadzaza boti mukamakocheza pagombe, ndipo kusiyana kwa chikhatho chimodziko kumapulumutsa. Mukatero injini nayo ikhale ya mwendo wautali. Mukaphonya pamenepa propela imapalasa mphepo m'malo mwa madzi, ndipo injini imatentha.

Za injiniyo, wogulitsa adzakukokerani ku four-stroke, ndipo sakunama, imamwa mafuta pang'ono, ilibe utsi, siisokosa. Ine ndikuti gulani Yamaha Enduro ya two-stroke, yomwe asodzi a ukonde wa chilimira amagwiritsa ntchito kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhata Bay. Makaniko wa pagombe lililonse amaimasula ndi kuimanga pansi pa mtengo, ndipo pulagi, propela kapena kamphira kopopa madzi mumazipeza osadikira basi ya ku Joni. Mafuta adzakupwetekani, sindikubisirani, komanso muzikumbukira kusakaniza oyilo mu petulo monga buku lake linenera. Koma injini yosamwa mafuta imene yagona miyezi itatu kudikira sipeya ilibe phindu kwa munthu. Ya mahosipawa 15 munthu mmodzi amainyamula paphewa kukaisunga m'nyumba usiku, ndipo zimenezo n'zofunika poti injini zimabedwa. Komabe pa boti la mamita 4.5 muli anthu anayi, 15 idzalira pokwera mafunde. Tengani 25, tizidzanyamula awiri. Muikenso sefa yolekanitsa madzi ndi petulo, chifukwa mafuta akasowa pa filing'i siteshoni mudzagula a m'zigubu, ndipo mukudziwa mmene amakhalira.

Chiwongolero chonga cha galimoto chija musachitenge. Chimadya malo pakati pa boti, chili ndi zingwe zimene zikaduka muli pakati pa nyanja mwagwira njakata, ndipo chimamangirira injini kuti isachotsedwe msanga. Chogwirira cha painjini pomwe n'chokwanira.

Mndandanda wa zowonjezera umene anakupatsani uja ndauwerenga, ndipo zambiri n'zopangira mpikisano wa nsomba za bass. Thanki yosungira nsomba zamoyo ndi ya anthu amene amayeza nsomba pasikelo n'kuibwezera m'madzi. Ife kampango akakwera m'boti ulendo wake ndi wa kumphika, ndiye pamalo pamenepo pakhale bokosi la ayezi lalikulu, lomwe likhalenso mpando. Kapeti ayi, amasunga mchenga ndi fungo la nsomba. Mipando yozungulira, masipika, kainjini kamagetsi ka kutsogolo, zonsezo dulani, ndalama yake ipite ku chitsulo ndi injini.

Ziwiri zokha ndikuvomereza. Choyamba ndi kamakina koonetsa kuya kwa madzi ndi pamene pali nsomba. Akuluakulu athu ankadziwa virundu, miyala ija ya pansi pa nyanja pamene utaka umasonkhana, poyang'ana mapiri ndi mitengo ya kumtunda, ndipo zinawatengera moyo wonse kuphunzira. Inu mukubwera tsitsi litayamba kuyera, kamakinako kadzakufupikitsirani sukulu, ndipo ngati kali ndi GPS kadzakubwezani kunyumba chifunga kapena mdima zikakupezani. Kang'ono kokha, ka batire limodzi lotchajidwa ndi sola. Chachiwiri ndi denga la nsalu, koma lopinda. Mu October aluminiyamu imatentha ngati chiwaya, simungapondepo opanda nsapato. Mphepo ikayamba dengalo mulipinde msanga, apo ayi limasanduka thanga n'kumakukokani. Pansi muyale mphira. Umateteza mapazi, komanso umaletsa phokoso, poti m'boti la chitsulo ngakhale pulayala ikagwa nsomba zonse zamva.

Dzimbiri lofiira aluminiyamu ilibe, ndipo madzi athu alibe mchere, apa tapeza mwayi. Mdani wake ndi kopa. Kachidutswa ka waya wa kopa kakagona m'madzi a pansi pa boti miyezi ingapo kamasiya timabowo. Penti wa kunsi wokhala ndi kopa musalole, ngakhale matabwa obiriwira onyikidwa m'mankhwala aja asakhudze chitsulo. Ndipo amene adzalumikize magetsi mumuuze kuti boti si galimoto, waya wobwerera ku batire akhale wakewake, asadutsitse magetsi m'thupi la boti.

Chimene ndikukupemphani koposa zonse ndi ichi. Bwato la mtengo likagubuduzika limayandama, anthu amaligwirira mpaka anzawo awapeze, ndipo asodzi ambiri amene timadya nawo nsima lero anapulumuka motero. Boti la aluminiyamu likadzaza madzi limapita pansi ndi injini yake, pokhapokha ngati munaikidwa thovu louma lija pansi pa mipando ndi m'mbali. Kumeneko malamulo a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha pamadzi, amafuna kuti boti likhale ndi pepala lotsimikiza za kuyandama kwake. Liitanitseni, ndipo mutsegule pansi pa mpando muone ndi maso anu kuti thovulo lilimodi. Mugule majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndi ang'onoang'ono a adzukulu, ovala osati okhalira. Kachingwe kofiira kozimitsira injini kazikhala padzanja nthawi zonse, chifukwa woyendetsa akagwera m'madzi boti limazungulira n'kumubwerera ndi propela. Nangula akhale ndi tcheni pang'ono ndi chingwe chachitali kwambiri, nyanja yathu imaya msanga. Nkhafi ziwiri, chigubu chodula chokapira madzi ngakhale mutaika pampu, ndi nyali yoyera yooneka mbali zonse, poti usiku nyanja imadzaza ndi a chilimira. Nthawi ya dzinja mukaona mphezi kumapiri a ku Mozambique, bwererani kumtunda osadikira.

Za ulendo wake mukuzidziwa kuposa ine, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Ndingoti thirela ikhale ya matayala a saizi ya galimoto wamba, 13 kapena 14, chifukwa timatayala ting'onoting'ono tija tikaphulika pa Zalewa simudzatipeza. Musanalipire kalikonse funsani a MRA kapena kiliyaring'i ejenti za msonkho wa boti, injini ndi thirela, chilichonse pachokha, kuti mudziwe mtengo weniweni wofikira pakhomo. Malisiti akhale ndi nambala ya boti ndi ya injini, adzafunikanso polembetsa ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi. Za chilolezo chophera nsomba ndikafunsa ine ku ofesi ya za usodzi kuno ku Salima sabata yamawa. Mudziwiretu kuti zilumba za Maleri zili m'paki, ndipo pafupi ndi gombe lake saloleza kuwedza.

Loweruka mukapitanso kumeneko munditumizire zithunzi zinayi: kachitsulo ka chiwerengero cha anthu, tepi ili pathabwa la kumbuyo, pansi pa mpando, ndi makona owotcherera. Ngati zonse zili bwino, yesetsani kuti boti lifike chakumapeto kwa September mwera utagona. Malo olisungira alipo kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo ndayamba kale kufunafuna mitengo yolikokerapo.

Ndine mnzanu wa kunyanja kuno.