Akunditcha chumba pomwe amuna anga akudzibaya jakisoni wa zitho

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 26, ndimakhala kuno ku Luchenza, ndatha zaka zitatu pabanja koma mwana kulibe. Amuna anga ndi aja onyamula zitsulo. Tikudziwana ankangonyamula simenti youmitsa mzitini za penti kuseli kwa nyumba, ndipo ndisaname thupi lomwelo ndilomwe linandikopa. Koma pano zafika pena.

Amagwira ya ulonda ku esiteti ya tiyi koma akuti imeneyo ndiyongodikilira, iwo akufuna azikapikisana kunja nkumadya za thupi lawo. Ndikati abambo nanga tidya chani, amvekere Ronnie Coleman anali wapolisi ku Texas koma anawina mpikisano waukulu woonetsa minofu wa Mr. Olympia ka 8 kuyambira 1998 mpaka 2005, Big Ramy waku Egypt anali msodzi koma anawina 2020 ndi 2021, ndiye mlonda waku Thyolo angalephere bwanji. Nkhani zimenezi ndinaziloweza ngati katekisimu. Chomwe sanena nchoti Coleman yemweyo anamupanga maopaleshoni ambirimbiri a msana ndi chiuno moti amayendera ndodo, ndinaonera pafoni yawo yomweyo.

Zoti amadya mazira 6 mmawa okhaokha ine ndikumwera tiyi chinangwa ndinazolowera, sindikudandaula zimenezo.

Mwezi watha ndikusesa kunsi kwa bedi ndinapeza timabotolo ndi majakisoni atazikulunga musokosi. Kuwafunsa akuti ndi mavitamini, amawabweretsera mnzawo oyenda ku Joni. Ndinajambula nkutumizira msuweni wanga yemwe ndi nesi, iye anangoti achemwali awa ndi ma steroid, mankhwala okulitsa minofu, munthu akamadzibaya testosterone (homoni yachimuna) thupi limasiya kupanga yakeyake ndiye mbeu ya abambo imachepa mwinanso kutheratu, komanso zimaononga mtima. Apa mpomwe ndinamvetsa ziphuphu zadzadza kumsana kwao zija ndi ukali wa masiku ano, dzana anaswa mbale chifukwa choti ndiwo ndinachulutsa mafuta.

Chikundiwawa kwambiri nchoti apongozi ndi alamu anga akuloza ine. Akuti mwana wathu ndi chimuna aliyense akuona, vuto ndi mkaziyu. Ananditengera kwa asing'anga ku Muloza, ndamwa mizu yowawa miyezi iwiri, ndipo eni akewo anali pompo osayankhula kanthu, kumangoyang'ana pansi. Kuchipatala kukayezetsa limodzi akukana, akuti mwamuna onyamula thumba la feteleza ndi dzanja limodzi sangakhale ndi vuto.

Anandiopseza kuti ndikangoulula kwa ankhoswe banja lathera pomwepo chifukwa ndiwachititsa manyazi kwa anzawo aku jimu. Ine ndimawakondabe agogo, ndipo zitsulozo sindikuletsa ayi. Kodi atasiya jakisoniyu mbeu ingabwerere? Nanga ndikaonetse timabotoloti kwa malume anga, kapena ndizingomwabe mizu ya matenda omwe ndilibe?

Ine mdzukulu wanu,
ku Luchenza